Tsiku Limene a Phee Anakweza

Khitchini ya hotela ili ndi nthawi yake yopuma, ngakhale alendo sadziwa. Chakudya chamasana chikatha, mbale zikatsukidwa, mapoto n'kuvundikiridwa, pamakhala kanthawi kamene moto umatsitsidwa mpaka munthu kumamva madzi akudontha pampopi. Ena amakatsamira matumba a ufa kusitolo n'kuba tulo. Ena amatuluka kukapitidwa mphepo. Koma pa hotela imene tikunenayi panali anthu anayi amene ankakokera mipando kutebulo lachitsulo lakuseri, pafupi ndi chitseko cha firiji yaikulu, n'kutulutsa makadi.

Amene anabweretsa masewerowa anali Dalaivala, woyendetsa galimoto yokagula zinthu za hotelayo. Kale ankayendetsa mathiraki amtunda wautali, ndipo masewero a makadiwa, otchedwa poka, anawaphunzira podikirira mapepala pamalire a mayiko. Ndalama patebulopo sizinkafika, Shefu, mkulu wa khitchiniyo, analetsa kalekale. Ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo zochokera kubala, aliyense ndi kapu yake.

Masewerowo ankayenda chonchi. Aliyense amalandira makadi awiri obisa. Pakati pa tebulo amagwetsapo makadi atatu oonekera, kenako limodzi, kenako lomaliza, ndipo munthu amaphatikiza ake awiri aja ndi apakatiwo kuti apeze asanu abwino kuposa a anzake. Makadi akagwa, anthu amaponya zitsekerero. Mnzako akaponya, iwe umatsatira poponya zofanana, kapena umakweza, apo ayi umagona, ndiye kuti wataya makadi ako n'kupinda manja. Poka wawoyu anali wamalire. Munthu sankaloledwa kukhuthula kapu yonse kuti aopseze anzake. Poyamba ankaponya ziwiriziwiri, pamakadi awiri omaliza zinayizinayi, ndipo kukwezerana kunali ndi pothera.

"Uyu ndi poka wa anthu apabanja," ankatero Dalaivala. "Sakupha tsiku limodzi. Amakudya ngati chiswe."

Wachiwiri patebulopo anali Wamsuzi, mkulu wonenepa wokonda kuseka, amene ankaponya pakhadi lililonse ngati akuthira mchere. Wachitatu anali mayi wophika makeke amene onse ankamutcha Nachidwi. Dzinali sanalitole panjira. Atangoyamba ntchito anamasula makina okandira ufa kuti aone chimene chimazungulira m'kati. Ankaimitsa operekera zakudya n'kumawafunsa kuti mlendo wapakona uja wasiya chiyani m'mbale, ndipo wasiyiranji. Chinthu chikamudutsa asanachimvetse, chinkamuyabwa ngati chitedze. Poka atafika, Nachidwi anagwamo ngati nyerere m'shuga.

Wachinayi anali a Phee, odula nyama, akuluakulu kuposa onse m'khitchinimo. Tsiku lonse ankakhala m'kachipinda kawo kozizira ndi mipeni yawo komanso macheka amagetsi odulira mafupa. Ukawalankhula ankatembenuka thupi lonse, n'kukuyang'ana pankhope mpaka umalize, kenako n'kugwedeza mutu. Pamakadi anali chimodzimodzi. Ankatsatira kapena kugona, basi. Kukweza sankakudziwa. Kapu yawo sinkadzaza komanso sinkauma, ndipo anzawo anafika poiwala kuti mpando umenewo uli ndi munthu.

Tsiku lina masewero atatha, Nachidwi anagwira Dalaivala pamkono asanadzuke. Anayala makadi patebulo.

"Achimwene, tandimasulirani ichi. Ndili ndi mapasa, makadi awiri ofanana nambala. Komanso ndili ndi mitima inayi, kwangotsala mtima umodzi kuti ndikwanitse fulashi, asanu amtundu umodzi. Mapasawo ndi ofooka, fulashiyo sinabwere. Ndiye ndili ndi kanthu kapena ndilibe?"

Dalaivala anakhalanso pansi. Mafunso oterewa ankamukomera.

"Mlongo, pamenepo muli m'nyumba yazitseko ziwiri. Mwina mapasa anuwo akutsogola kale. Ngati sakutsogola, mitima yatsala yambiri m'mulu wa makadi osagawidwawo, ndipo mukuyembekezera makadi awiri. Onjezeraninso makadi amene angalimbitse mapasawo. Mukawerenga bwino, mupeza kuti mwayi wanu ukufika pafupifupi theka. Dzanja lotero silogona nalo."

"Ndiye ndizitsatira?"

"Muzikweza! Kwezani pamakadi atatu oyamba aja, pamene mtengo uli wotsika. Anthu akakhala ambiri, mukukulitsa mulu wa zitsekerero umene mungadye. Akakhala amantha, pakhadi lachinayi angokuyang'anani osaponya, inu n'kuona khadi lomaliza ulere."

Nachidwi anawomba m'manja. "Ndiye kukweza kwanga kukundigulira khadi!"

"Eetu. Koma ndikutsineni khutu pa ziwiri. Choyamba, pakati pa tebulo pakagwa makadi awiri ofanana, fulashi yanu ikhoza kubwera itafa kale. Wina akhoza kukhala ndi atatu ofanana n'kuwonjezera awiriwo, ndiye nyumba yodzaza imeneyo, ndipo imameza fulashi. Chachiwiri, musamangoyang'ana makadi. Muziyang'ana amene wakweza. Wamsuzi akakweza ndi phokoso chabe. Koma pali anthu ena..."

Nachidwi anali atasiya kale kumvetsera. Maso ake anali pamitima inayi ija, milomo ikuyenda, akuwerenga yotsala m'mulu.

Kuyambira pamenepo anasanduka chilombo patebulopo. Dzanja lija likangomufikira ankakweza mosaphethira, ndipo kawirikawiri zinkamuyendera. Wamsuzi anayamba kudandaula kuti Dalaivala wanolera mnzake mpeni wodzachekera iwo.

Kenako kunabwera sabata yaukwati. Shefu, bambo wamtali wosakonda kubwereza mawu, anaima pakati pa khitchini Lachitatu m'mawa.

"Loweruka kuli ukwati waukulu. Aliyense akhale pano. Amene ntchito yawo imatha Lachisanu ndi awiri, wamakeke ndi wanyama. Mmodzi wa inu apume, winayo atsale azithandiza kupakula. Nonse awiri mwandipempha tsikuli. Ine sindisankha. Gwirizanani, mundiuze mawa madzulo."

Nachidwi anadabwa kumva kuti a Phee nawonso apempha. Chiyambire ntchito sanawaonepo akupempha kanthu. Koma kudabwako sikunakhalitse, chifukwa mutu wake unali wodzaza ndi zake. Mwana wake wachisamba, mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro aunamwino, anali atapeza ntchito kudziko lakutali. Basi yopita kubwalo la ndege inkanyamuka Loweruka m'mawa, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti adzabwerako liti.

Akusefa ufa, anaona mthunzi pambali pake. Anali a Phee, atagwira chipewa m'manja.

"Mayi," anatero, "za Loweruka lija, ndimati mwina..."

"A Phee, tisavutane," Nachidwi anawadula. "Inu mukulifuna, ine ndikulifuna. Tikayamba kufotokozerana tikhumudwitsana chabe. Makadi aweruze. Mawa masana, belu la Shefu lotiitanira kuntchito likamalira, amene kapu yake yaposa ya mnzake watenga tsikulo."

A Phee anamuyang'ana pakamwa mpaka anamaliza. Anatsegula pakamwa pawo, n'kutsekanso. Kenako anagwedeza mutu n'kubwerera kumipeni yawo.

Nachidwi anasekera mumtima. Ankadziwa mmene mkuluyo amasewerera, ndipo ankaona ngati tsikulo lili kale m'thumba la epuloni yake. Mayi amene sankalola mbale yotsala kudutsa asanafunse chifukwa chake sanaganize n'komwe zofunsa munthu wachikulire kuti Loweruka akulifuniranji.

Atafika kunyumba anapeza sutikesi ili yasa pabedi, mwana wake akuyesa kukanikizamo nsapato.

"Amayi, Shefu walola?"

"Zatheka kale. Kwangotsala kamwambo kakang'ono mawa."

"Kamwambo kanji?"

"Makadi."

Mtsikanayo anasiya nsapato ija. "Amayi, mukufuna kundiuza kuti kundiperekeza kwanu kuli pa njuga?"

"Si njuga, iwe, ndi masamu. Ndiponso ndikusewera ndi gogo amene sanakwezepo chibadwire."

Bambo a m'nyumbamo, amene ankamanga chingwe pakatoni, anangoti, "Mukanangokambirana nawo bwinobwino mkuluyo." Koma ananena motsitsa, chifukwa ankamudziwa mkazi wawo.

Lachinayi masana tebulo lachitsulo lija linazunguliridwa. Otsuka mbale sanakagone, operekera zakudya awiri anaima pachitseko. Aliyense wa anayiwo anayamba ndi kapu yofanana ndi ya mnzake, Dalaivala n'kuyamba kugawa.

Zinayenda monga Nachidwi anayembekezera. Anadya mulu wa Wamsuzi kawiri, anaba wina wa Dalaivala pongomuopseza, kapu yake n'kuyamba kulemera. A Phee ankangotsatira n'kugona, kutsatira n'kugona. Anadya mulu umodzi wonenepa mwangozi, Wamsuzi ataumirira pachabe, koma ngakhale zinali choncho kapu ya Nachidwi inali patsogolo ndi dzanja lodzaza. Kukhitchini kunamveka Shefu akuyatsa mbaula yoyamba.

"Lomaliza ili," anatero Dalaivala akusakaniza makadi. "Belu lili pafupi."

Nachidwi anasuzumira makadi ake. Esi ya mitima, khadi lalikulu kuposa onse, ndi naini ya mitima. Onse anayi analowa. Dalaivala anagwetsa atatu apakati: naini ya makasu, folo ya mitima, seveni ya mitima.

Mtima wa Nachidwi unadumpha. Mapasa a naini, ndi mitima inayi, esi ali pamwamba. Linali dzanja lake lenileni lija, litavala zapasabata.

Wamsuzi anaponya, monga mwa masiku onse. Nachidwi anakweza asanapume n'komwe. Kenako inafika nthawi ya a Phee. Mkuluyo anayang'ana zitsekerero za Wamsuzi, anayang'ana za Nachidwi, n'kulowetsa zala m'kapu. Anawerenga pang'onopang'ono, nakankhira pakati.

"Ndakweza!"

Mawuwo anatuluka mokuwa, ngati munthu akuitana mnzake kutsidya la msewu. Woperekera zakudya wina anadzidzimuka mpaka kugunda chitseko.

Dalaivala anataya makadi ake ngati amuotcha. Wamsuzi anayang'ana ake, anayang'ana a Phee, n'kunena kuti, "Ine ndili ndi ana," nagona. Anthu anaseka, koma chinali chiseko chouma.

"A Phee, mwadzuka lero?" anatero Nachidwi.

Maso a mkuluyo anali pamanja a Nachidwi.

Dalaivala anakanda m'mutu. Sankayenera kulankhula, koma anakanika kudzigwira. "Mlongo, kapu yanu ili patsogolo. Mukagona pano, Loweruka ndi lanu."

Zinali zoona, ndipo Nachidwi ankadziwa. Kunali kungotembenuza makadi awiri n'kupita kukatsuka m'manja. Koma mitima inayi ija inkamuyang'ana, ndipo kuseri kwa zala zokhuthala za a Phee kunali makadi awiri amene iye sankawadziwa. Kodi mkuluyu ali ndi chiyani chomudzutsa? Kapena akungoyesa mwayi poona kuti nthawi yatha? Akagona, a Phee abwezera makadiwo m'mulu, ndipo iye sadzadziwa mpaka kalekale. Chitedze chija chinayamba kumuyabwa.

"Ziwiri zokha," anatero. "Ndione khadi limodzi basi."

Dalaivala anapumira m'mwamba n'kugwetsa lachinayi. Seveni ya maluwa. Tsopano pakati pa tebulo panali maseveni awiri.

Nachidwi anakumbukira kuti panali china chake chimene anauzidwa chokhudza makadi ofanana pakati pa tebulo. Chinamudutsa m'mutu ngati ntchentche, iye n'kuchiingitsa. Anagogoda patebulo, kusonyeza kuti saponya, akuyembekezera khadi laulere lija. Koma a Phee sanamupatse ulere. Anaponya zinayi, mosazengereza.

Ngakhale pamenepa khomo linali lotsegula. Akanagona, makapu akanayandikana, koma yake ikanakhalabe pamwamba. Anayang'ana muluwo, mmene unakulira. Anadziuza kuti tsopano ali ndi mapasa awiri, manaini ndi maseveni. Anadziuza kuti munthu amene wafika pakati pa mtsinje sabwerera. Anatsatira.

Khadi lomaliza linagwa. Mfumukazi ya mitima.

Nachidwi anamva kutentha kukwera kumaso. Fulashi, ndiponso ya esi, yoposa mafulashi onse. Anaponya. A Phee anakweza. Iye anakwezanso, akuseka. A Phee anakweza komaliza, mpaka pothera malire, ndipo apa m'pamene chiseko chinamuthera. Anatsatira, nayala mitima yake isanu.

A Phee anatembenuza makadi awo limodzilimodzi. Folo ya makasu. Folo ya maluwa. Pamodzi ndi folo yapakati ija anali atatu, ndipo maseveni awiri aja anadzaza nyumba.

"Anali nawo kuyambira pachiyambi," Wamsuzi ananong'ona. "Mayo ine."

Belu la Shefu linalira. Panalibe chifukwa chowerengera. Kapu ya a Phee inasefukira mpaka zitsekerero zina kugubuduzika pansi, pamene ya Nachidwi inkaonekera pansi pake. Nachidwi anaimirira, anamanga epuloni mwamphamvu ngati akumanga mbuzi, n'kupita kukauza Shefu yekha kuti Loweruka abwera.

Lachisanu anagwira ntchito ngati makina. Keke yaukwati inali yansanjika, ndipo anaikongoletsa osalankhula ndi munthu. Chakumasana anaona a Phee akubwera, chipewa chili m'manja ngati tsiku lija. Mtima unamuwawa. Anaganiza kuti akubwera kudzapepesa, ndipo chipepeso cha wopambana chimawawa kuposa chipongwe. Anatembenuka n'kuwapatsa msana, nayatsa makina okandira ufa.

"Mayi," anamva mawu kumbuyo kwake, "ndimati tikambirane..."

"Mwapambana, a Phee," anayankha osatembenuka. "Kapumeni. Ndisiyeni ndigwire ntchito."

Mkuluyo anaima kanthawi. Nachidwi atazimitsa makinawo, kumbuyo kwake kunalibe munthu.

Loweruka Nachidwi anadzuka kukali chisisira. Anatsanzikana ndi mwana wake pakhomo, mtsikanayo ali ndi tulo m'maso, atafunda nsalu. Zimene anakonza kudzamuuza padepoti, malangizo onse amene anawasunga kwa miyezi, zinatsalira pakhosi. Anangoti, "Uzidya, wamva?" n'kuthamangira basi yakuntchito.

Foni inalira ali pakati popakula, mbale zikuyenda ngati madzi osefukira. Anaikanikiza ndi phewa.

"Amayi, tanyamuka. Ababa akundibayibitsa pawindo. Anabwera ndi azakhali, ndiye musadandaule." Kunkamveka kulira kwa injini ya basi. "Ndinakusungirani malo pabenchi, kuti mwina mubwera. Koma palibe kanthu."

"Wamakeke! Mbale!" anakuwa Shefu.

Nachidwi anabwezera foni m'thumba. Anapakula mpaka alendo onse anakhuta. Keke yake inadulidwa, anthu kuholo anawomba m'manja, ndipo phokosolo linamufika kudzera pachitseko ngati mvula yogwa kumudzi kwa eni.

Lolemba m'mawa atalowa m'khitchini anamva mawu achilendo.

"Kodi firiji imeneyi imalira chonchi masiku onse? Ndiye mumapirira bwanji anthu inu?"

Anali a Phee. Anaima pakati pa khitchini, mutu ukutembenukira uku ndi uku ngati mwana amene wafika mumzinda koyamba. Wamsuzi anagwetsa chikombe, iwo n'kudumpha. Atatembenuka, Nachidwi anaona kanthu kakang'ono kotuwa katakoleka kuseri kwa khutu lililonse, kali ndi kachingwe kowonekera kolowa m'kati.

Mkwiyo umene anabwera nawo sunathe kulimbana ndi chidwi. Anayandikira.

"A Phee, timeneti n'tiyani?"

"Makutu atsopano, mayi." Anamwetulira mwamanyazi. "Akalewa anadyedwa ndi macheka aja, pang'onopang'ono. Zaka zapitazi ndakhala ndikumva ndi maso. Munthu akamalankhula ndimayang'ana milomo."

"Ndiye mmene munkatembenuka thupi lonse muja..."

"Mumayesa ulemu?" Anaseka. "Ulemu unalipo, koma kwambiri kunali kusaka mawu. Ndinkabisa, kuopa kuti akuluakulu a hotela akadziwa andiuza kuti ndikapume. Akazi anga ndi amene anatopa n'kukuwa. Anamva kuti kuchipatala chachikulu kukubwera madokotala a makutu, a tsiku limodzi lokha, ndipo akapita sabwera msanga. Anandiuza kuti ndikapanda kupita, iwo asiya kundilankhula. Ndinati, mayi, nanga ndidzasiyanitsa bwanji?"

Wamsuzi anaseka mpaka kugwira tebulo. Nachidwi sanaseke.

"Nanga pamakadi? Chifukwa chake simunkakweza n'chimenechi?"

"Ukakweza anthu amayankha, wina uku wina uku, ndipo ine maso ndili nawo awiri okha. Ndinkaopa kusokoneza masewero. Kutsatira n'kosavuta, umangoona zimene mnzako waponya. Koma tsiku lija mafolo atatu anandipeza ndili ndi chosowa. Ndinati lero lokha, zivute zitani."

Panali funso lina limene linkamuopsa Nachidwi, koma sakanatha kulisiya.

"Munabwera kwa ine kawiri. Mumafuna kunena chiyani?"

A Phee anazunguza chipewa m'manja.

"Dalaivala anandiuza za mwana wanu, kuti basi yake ndi yam'mawa. Madokotala aja amaona anthu mpaka madzulo. Ndiye ndimati tigawane tsikulo, inu mutenge m'mawa, mukabwera ine ndizipita. Shefu amangofuna kuti pakhale munthu mmodzi, sanati akhale yemweyo tsiku lonse. Lachitatu munati makadi aweruze, ndiye ndinaona ngati muli ndi zifukwa zanu. Lachisanu ndinabweranso ndi mawu omwewo, koma munandipatsa msana. Chimene munayankha sindinachione. Ndinangoona mapewa kuti akwiya."

Nachidwi anakhala pathumba la ufa. Anaona depoti ija m'maganizo, benchi, ndi malo opanda munthu pambali pa mwana wake. Tsikulo linali lokwanira anthu awiri, ndipo linabwera lokha kudzaima pambali pake kawiri, chipewa chili m'manja. Anataya bomwetamweta.

"Bambo," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula choncho, "ndinakulakwirani."

"Mwalakwira mwana, osati ine. Ine ndapeza makutu." Anakhala pathumba lina moyang'anana naye. "Wafika bwino?"

"Wafika. Akuti kukuzizira, ndipo anthu ake salonjerana m'basi."

"Mukamamuimbira mundipatseko ndimulonjere. Ndinamuona ali wamng'ono, mutabwera naye kuno atavala yunifolomu yasukulu. Ankalankhula kwambiri, koma mawu ake sindikuwadziwa."

Nachidwi anapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni. Anayang'ananso kanthu kotuwa kaja. Kenako chibadwa chinamugonjetsa.

"Atangokuikani timeneti, choyamba kumva chinali chiyani?"

"Nsapato zanga," anayankha a Phee. "Ndinatuluka m'chipinda cha dokotala, ndikumva kwii, kwii, kumbuyo kwanga. Ndinaima kuti wonditsatirayo adutse, nayenso n'kuima. Akazi anga akuti zakhala zikulira chigulireni, ndipo kutchalitchi anthu amadziwa kuti ndafika ndisanalowe."

Apa Nachidwi anaseka, misozi ili m'masaya, mpaka Shefu anasuzumira kufunsa ngati ufa wa hotela wasanduka mipando.

Mwana uja anatha zaka asanabwere kudzacheza, ndipo m'mawa umene mayi ake anautaya patebulo lachitsulo sunabwererenso. Dzanja la mapasa ndi mitima inayi silinali loipa, ndipo Dalaivala sananame. Cholakwika chinali chakuti Nachidwi anawerenga mitima yonse yotsala m'mulu, koma osawerenga munthu amene anakhala moyang'anana naye. Wofatsa akadzuka n'kukweza mawu, kapena akabwera kwa iwe kawiri ndi nkhani imodzi, siya zimene ukuchita umumvere, pakuti akuluakulu anaziona kale izi pamene ankati galu wamkota sakandira pachabe.